Tifunseni: Kopaletivi, Banki M'khonde ndi Zinthu Zogwiritsa Ntchito Limodzi

Makalata ambiri amene talandira ulendo uno akuchokera kwa anthu oyendetsa magulu: alembi, asungichuma ndi mamembala wamba amene atopa ndi mikangano. Mafunso tawafupikitsa ndipo mayina tachotsa. Ziwerengero za ndalama zimene zili m'mayankhomu ndi zongoyerekeza kuti muone kawerengedwe kake. Inu muikepo zanu.

Akonzi, kopaletivi yathu ya alimi 60 yatsala ndi ndalama chaka chino titalipira zonse. Amene adagula masheya ambiri akuti tigawe potengera masheya, ndipo akufuna kuti mavoti awo achuluke. Kodi akulondola? — Mayi, mlembi wa gulu

Mayi, zimene akupemphazo ndi malamulo a kampani. Mu kampani, wa masheya 100 amakhala ndi mavoti 100. Mu kopaletivi amavota ndi munthu, osati ndalama zake: membala mmodzi, voti imodzi. Bungwe la makopaletivi padziko lonse, International Co-operative Alliance, lomwe lidayamba mu 1895, lidatsindikanso mfundo imeneyi mu 1995 ku Manchester pamene lidalemba mfundo zisanu ndi ziwiri zoyendetsera makopaletivi. Mukailola kuti iphwanyidwe, pakangotha zaka zochepa gulu lidzakhala la anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi, ena nonse n'kusanduka ongobweretsa katundu.

Za kagawidwe, njira yake idatchuka ku Rochdale, ku England, mu 1844. Anthu 28, ena a iwo owomba nsalu, adasonkha mapaundi 28 n'kutsegula sitolo yaing'ono mumsewu wa Toad Lane. Adagwirizana kuti ndalama yoikidwa m'masheya izilandira chiwongoladzanja chochepa chokhazikika, ndipo zotsala zizibwerera kwa munthu molingana ndi kuchuluka kwa zimene wagula m'sitolomo. Maganizo ake ndi akuti zotsalazo zidachokera m'thumba la wogula, choncho zibwerere komweko. Kwa inu alimi, zotsala zachokera pa katundu amene aliyense adabweretsa.

Tiyerekeze kuti patsala 1,200,000. Choyamba chotsani gawo losunga. Malamulo a makopaletivi m'mayiko ambiri amalamula gawo limeneli, kawirikawiri 20 kapena 25 pa 100. Onani zimene lamulo lanu ndi malamulo a gulu lanu akunena. Pa 25 pa 100, mwachotsa 300,000. Ikani 60,000 pa maphunziro a mamembala. Ngati masheya onse pamodzi ndi 800,000 ndipo msonkhano waukulu wavomereza chiwongoladzanja cha 10 pa 100, ndiye kuti 80,000 ikupita kwa eni masheya, aliyense molingana ndi masheya ake. Pamenepa ndi pamene a masheya ambiri aja amapezera zawo. Patsala 760,000. Ngati mamembala onse adabweretsa makilo 95,000, kilo iliyonse ikulandira 8. Wa makilo 2,000 atenga 16,000, wa makilo 300 atenga 2,400.

Chimene chimasokoneza kawirikawiri ndi kaundula. Ngati simudalembe makilo a munthu aliyense tsiku limene adabweretsa, kagawidwe aka sikangatheke, ndipo mudzakakamizika kugawa mofanana, zomwe zimafooketsa amene adalimbikira. Chachiwiri, musagawe musanawerengetse mabuku kwa munthu wakunja wodziwa ntchitoyo. Ndalama imaoneka yochuluka ku banki pomwe ngongole ya mayendedwe, msonkho ndi kutha kwa makina sizinachotsedwe. Chachitatu, ikani malire pa masheya a munthu mmodzi. Malamulo ambiri salola membala mmodzi kupitirira gawo limodzi mwa magawo asanu a masheya onse, chifukwa tsiku limene wa masheya ochuluka watuluka n'kufuna ndalama zake, gulu limagwada.

Tidabwereketsa mbewu ndi fetereza kwa mamembala, koma pokolola ambiri agulitsa kwa mavenda. Ngongole sinabwezedwe, ndipo wogula amene tidagwirizana naye sitinamukwanitsire katundu. Tiwachotse m'gulu? — Bambo, wapampando

Bambo, musanafike pochotsa munthu, yang'anani chimene venda akupereka chomwe inu simukupereka. Amafika pakhomo, amalipira pompopompo, ndipo sachotsa ngongole. Inu mwina mumalipira pakatha masabata asanu ndi limodzi. Mlimi amene mwana wake wabwezedwa kusukulu sangadikire, ngakhale mtengo wanu utakhala wabwino.

Makopaletivi a mkaka a Amul, omwe adayamba mu 1946 ku Anand m'chigawo cha Gujarat ku India, adaima pa zinthu ziwiri: mkaka umayezedwa mafuta ake mwini wake akuona, ndipo malipiro sachedwa. Mlimi amadziwa chifukwa chimene walandirira ndalama yakutiyakuti, ndipo sadikira nthawi yaitali. Tengeraniponi phunziro.

Lipirani kawiri. Tsiku lolandira katundu perekani pakati pa 60 ndi 70 pa 100 ya mtengo wa pamsika, zotsala mukagulitsa. Musapereke zonse tsiku loyamba, chifukwa mtengo ungatsike, komanso katundu amapepuka akamauma. Mbewu imene yabwera ndi chinyezi cha 18 pa 100 ikafika pa 13 pa 100 imataya pafupifupi makilo 6 pa makilo 100 alionse. Makopaletivi ambiri amaluza pamenepa osadziwa, kenako n'kuyamba kuganizirana zakuba. Gulani kachipangizo koyezera chinyezi, ndipo lembani pakhoma kuchuluka kwa chinyezi chimene mumalandira. Sikelo ikhale poyera, ndipo lisiti ikhale ya makope atatu: la mlimi, la wosunga nkhokwe ndi la msungichuma.

Ndalama yolipirira tsiku loyambayo ichokera m'gawo losunga lija, m'masheya, kapena pa ngongole ya banki yomwe chikole chake ndi katundu amene ali m'nkhokwe. Pa mgwirizano, musafune zokolola zonse za munthu. Gwirizanani pa makilo okwanira kubweza ngongole kuphatikizapo gawo lina lodziwika, zotsalazo mlimi achite nazo zimene akufuna. Wosakwanitsa chaka choyamba achenjezedwe m'kalata n'kupatsidwa nthawi yobwezera. Asalandire ngongole ina kufikira atamaliza. Kuchotsa kukhale kwa amene wabwereza atachenjezedwa, ndipo chigamulocho chichokere ku msonkhano waukulu.

Banki m'khonde yathu ikutseka chaka mwezi wamawa. Ena akuti phindu tigawane mofanana popeza tonse timabwera kumsonkhano. Komanso anthu awiri sanamalize ngongole. Tichite bwanji? — Mayi, wowerenga ndalama

Mayi, njira imene magulu ambiri amatsata idakonzedwa ku Niger mu 1991 ndi bungwe la CARE, m'magulu a amayi otchedwa Mata Masu Dubara, ndipo yankho la funso lanu lili m'kapangidwe kake. Phindu limagawidwa potengera masheya, chifukwa ndalama imene idabwereketsedwa n'kubala chiwongoladzanja ndi ya m'masheyamo.

Tsiku logawana, yambani ndi ngongole. Zonse zibwezedwe. Amene walephera, masheya ake ofanana ndi ngongoleyo afafanizidwe m'buku lake musanawerenge china chilichonse. Ngati sheya ndi 1,000 ndipo ngongole yotsala ndi 39,000, afafanizidwa masheya 39, ndipo phindu la masheya amenewo saliona. Kenako werengani ndalama zonse za m'thumba la ngongole pamaso pa gulu, owerenga awiri aliyense payekha. Werengani masheya onse otsala m'mabuku a mamembala. Gawani ndalamazo ndi chiwerengero cha masheya. Ngati m'bokosi muli 2,405,000 ndipo masheya ndi 1,850, sheya iliyonse tsopano ndi 1,300. Wa masheya 120 alandira 156,000, wa masheya 40 alandira 52,000. Aliyense wapindula 300 pa 1,000 iliyonse, choncho palibe amene waponderezedwa. Ikani ndalama za aliyense m'buku lake, ndipo wina asatenge kufikira mabuku onse atadzazidwa. Mukatero, cholakwika chimaonekera ndalama zisanamwazike. Thumba la chithandizo pa maliro ndi matenda silimasakanizidwa ndi zimenezi. Limawolokera chaka chinacho, kapena limagawidwa mofanana chifukwa onse amasonkha mofanana.

Kufafaniza masheya kumathandiza pokhapokha ngati ngongole sinapitirire muyeso. N'chifukwa chake pali lamulo lakuti munthu asabwereke kuposa katatu ndalama zimene wasunga, ndipo abweze pasanathe miyezi itatu. Lekani kubwereketsa kukatsala miyezi iwiri kapena itatu kuti mugawane. Malamulo enawo nawonso ali ndi chifukwa. Gulu limakhala la anthu 15 mpaka 25 kuti onse azidziwana komanso msonkhano usatalike. Munthu amagula sheya imodzi mpaka zisanu pa msonkhano kuti wolemera asameze gulu. Bokosi limakhala ndi maloko atatu, makiyi ake ali kwa anthu atatu amene sali m'komiti, ndipo wosunga bokosi alibe kiyi. Potseka msonkhano ndalama yotsala imalengezedwa kuti onse aikumbukire, ndipo pa msonkhano wotsatira imafunsidwa bokosi lisanatsegulidwe.

Magulu ambiri amagwa pa zinthu ziwiri. China ndi kubwereketsa anthu akunja kudzera mwa membala, pokopeka ndi chiwongoladzanja chokwera. Wakunjayo alibe masheya oti mufafanize. China ndi kukakamiza aliyense kubwereka kuti ndalama isagone m'bokosi. Munthu wopanda malonda akabwereka mokakamizidwa amabweza potenga ngongole ku gulu lina, ndipo mavutowo amadzaphulika m'magulu atatu nthawi imodzi. Ngati ndalama yachuluka m'bokosi chakumapeto kwa chaka, kaisungitseni ku banki pa akaunti ya gulu yosainidwa ndi anthu atatu.

Pa sikimu yathu yothirira, amene minda yawo ili kumtunda kwa ngalande amatseka madzi usiku. Ife akumunsi mbewu zikuuma. Ena akuti boma lingotenga sikimuyi liziyendetsa. — Bambo, mlimi wa kumapeto kwa ngalande

Bambo, vuto lanu lilipo pafupifupi paliponse pamene madzi amayenda m'ngalande imodzi, ndipo lidafufuzidwa kwambiri. Elinor Ostrom, mayi woyamba kulandira mphoto ya Nobel pa zachuma mu 2009, adafufuza ndi anzake masikimu ambiri a ku Nepal. Adapeza kuti oyendetsedwa ndi alimi eni ake amafikitsa madzi kumunsi bwino kuposa oyendetsedwa ndi boma, ngakhale ambiri adali a ngalande zadothi ndi zotchingira za miyala ndi mitengo. Chifukwa chake n'chofunika kuchimvetsa. Chotchingira chamiyala chimakokoloka chaka ndi chaka, ndipo akumtunda sangachikonze okha. Amafuna manja a akumunsi, choncho amakakamizika kuwasiyira madzi. Pamene padamangidwa chotchingira cha simenti popanda kukambirana za kagawidwe, akumtunda adasiya kufuna anzawo, ndipo madzi adasiya kufika kumunsi.

Mphamvu yanu ili pa ntchito ndi ndalama zokonzera. Pa msonkhano, mangirirani zinthu ziwirizi pamodzi m'malamulo olembedwa: wolandira madzi agwire ntchito ndi kusonkha molingana ndi kukula kwa munda wake, ndipo wogwira ntchito alandire madzi ake.

Kenako konzani ndandanda ya maola. Ku Pakistan ndi kumpoto kwa India amagwiritsa ntchito njira yotchedwa warabandi: sabata ili ndi maola 168, ndipo amagawidwa potengera kukula kwa minda. Ngati maola 8 amathera podzaza ngalande, patsala 160. Pa mahekitala 40, hekitala iliyonse ipeza maola 4, ndipo kota ya hekitala ipeza ola limodzi. Koma ola la kumunsi silifanana ndi ola la kumtunda, chifukwa madzi amalowa pansi m'njira. Yezani. Sankhani malo owongoka a mamita 10, ponyani kachitsotso, werengani masekondi amene katenge, gawani mamita 10 aja ndi masekondiwo, ndipo mupeza liwiro. Chulukitsani liwirolo ndi m'lifupi ndi kuya kwa madzi, kenako ndi 0.8 popeza madzi a pansi amayenda pang'onopang'ono kuposa a pamwamba, ndipo mupeza kuchuluka kwa madzi odutsa pa sekondi. Chitani zimenezi kumtunda ndi kumunsi, anthu a mbali zonse akuona. Ngati kumunsi kukufika magawo atatu mwa anayi a madzi a kumtunda, ola la kumeneko likhale mphindi 80. Maola a usiku azisinthana, ndipo nthawi zina kuthirira kuziyambira kumunsi.

Ndandanda yotere imadzilondera yokha, chifukwa amene nthawi yake yayandikira amakhala ataima kale pachipata kudikira mnzake. Onjezani mlonda wa madzi wosankhidwa ndi alimi, wolipidwa ndi alimi, amene angachotsedwe ndi alimi.

Pa zilango, liwiro limaposa kukula. Ku Valencia, ku Spain, bwalo la milandu ya madzi limakumana Lachinayi lililonse masana pakhomo la tchalitchi chachikulu. Oweruza ake ndi alimi osankhidwa kuchokera m'ngalande zisanu ndi zitatu, mlandu umakambidwa pakamwa n'kugamulidwa pomwepo. Inunso khalani ndi tsiku lodziwika sabata iliyonse. Wolakwa koyamba alipire chindapusa chochepa, kachiwiri chikwere, kachitatu ataye nthawi yake yothirira. Chindapusa chachikulu kwambiri pa mlandu woyamba sichilipidwa, anthu amamvera chisoni wolakwayo, ndipo lamulo limafera pomwepo. Boma likhalepo povomereza malamulo anu, pa zomangamanga zikuluzikulu, ndi pa mikangano ya pakati pa inu ndi masikimu ena a mumtsinje womwewo.

Wapampando wathu wakhala zaka khumi, ndipo ndiye amasunga mabuku, kugula katundu ndi kusaina macheke. Kumufunsa akuti tikumunyoza. — Mayi, membala

Mayi, kufunsa za mabuku ndi ufulu wa membala aliyense. Werengani malamulo a gulu lanu: mupezamo chiwerengero cha mamembala amene akasaina kalata angaitanitse msonkhano waukulu wapadera. Komiti ikakana, pitani ku ofesi ya boma imene idakulembetsani. Pa msonkhanopo musakambe za khalidwe la munthu. Kambani za malamulo. Mpando ukhale wa zaka zitatu, osapitirira maulendo awiri otsatizana, ndipo komiti izituluka pang'onopang'ono kuti odziwa ntchito asachoke onse tsiku limodzi. Cheke chisainidwe ndi awiri mwa atatu osakhala pachibale. Pakhale komiti yoyang'anira ya anthu atatu yosankhidwa payokha, yopereka lipoti ku msonkhano waukulu, osati kwa wapampando. Ngakhale ku Mondragon ku Spain, komwe makopaletivi a antchito adayamba mu 1956 n'kukula mpaka kulemba ntchito anthu zikwi makumi ambiri, osankhidwa ndi mamembala amalemba ntchito manijala n'kumamuyang'anira. Sagwira okha ntchito ya manijalayo.

Mjigo wathu ukawonongeka timayamba kusonkha, ndipo pamatha miyezi usanakonzedwe. — Bambo, wa komiti ya mjigo

Bambo, mwatchula kale chimene chalakwika: mukusonkha utawonongeka. Lembani kaundula wa mabanja onse otunga, gwirizanani kandalama ka pamwezi, ndipo gwirizananinso poyera za okalamba ndi odwala amene sadzapereka. Ngati pampu yanu ndi ya mtundu wa Afridev, zimene zimatha msanga ndi zotsika mtengo: mphira wokweza madzi, timphira ta m'mavavu, mabushi a pachigwiriro ndi timphira togwira ndodo kuti zisakhule paipi. Gulani ziwiriziwiri musunge, ndipo muzisintha kamodzi pachaka zisanatheretu. Mabushi akatha n'kusiyidwa, chitsulo chimayamba kudya chitsulo chinzake. Timphira ta ndodo tikatha, ndodo imaboola paipi. Apo ndiye mtengo umakwera kwambiri.

Mwezi uliwonse yesani zinthu ziwiri. Pampu ikapuma mphindi 30, madzi azituluka musanapope koposa kasanu. Kupitirira apo, vavu ya pansi kapena paipi ikudontha. Kenako popani mokwanira ka 40 pa mphindi imodzi: muyenera kupeza malita pafupifupi 16, ndipo akachepera 10 itanani mmisiri. Ndalama yongokhala m'manja mwa msungichuma imabwerekedwa n'kusowa, choncho isandutseni zipangizo kapena ikhale pa akaunti, ndipo zolowa ndi zotuluka zilengezedwe pamjigo pomwepo miyezi itatu iliyonse.

Ndidamva kuti chinthu cha anthu onse chimatha ndithu, chifukwa aliyense amafuna kutengapo zambiri. Ndiye malo athu odyetsera ziweto ndi owedzera nsomba tingowagawana? — Mnyamata wophunzira za ulimi

Achimwene, maganizo amenewo adatchuka ndi Garrett Hardin, katswiri wa zachilengedwe wa ku America, mu 1968, ndipo ndi oona pa malo opanda mwini, pamene aliyense angalowe n'kutenga mmene wafunira. Malo a gulu lodziwika, okhala ndi malire ndi malamulo, ndi nkhani ina.

Mudzi wa Törbel m'mapiri a ku Switzerland udalemba mgwirizano wa malo ake odyetsera ziweto mu 1483, woletsa mlendo kukhala ndi ufulu wodyetsa pongogula munda m'mudzimo. Lamulo la mu 1517 lidati munthu asatumize kuphiri ng'ombe zoposa zimene angathe kudyetsa m'nyengo yachisanu ndi udzu wake. Taonani nzeru yake: sipafunika katswiri wowerenga, chifukwa aliyense amadziwa ng'ombe zimene zili m'khola la mnzake. Malowo akhala akudyetsedwa kwa zaka mazana.

Ku Alanya, m'mphepete mwa nyanja ku Turkey, asodzi pafupifupi 100 ankakanganirana malo abwino oponyera maukonde. M'zaka za m'ma 1970 adapeza njira. Mwezi wa September amalemba mayina a asodzi ovomerezeka ndi mayina a malo onse, otalikirana kuti maukonde asatsekerezane. Amachita maere kuti aliyense apeze poyambira. Kuchokera pamenepo, tsiku lililonse aliyense amasunthira pamalo otsatira chakum'mawa mpaka January, kenako amatembenukira kumadzulo mpaka May, potsata kayendedwe ka nsomba. Aliyense amafika pamalo abwino pa tsiku lake, ndipo wolanda malo amagwidwa ndi amene malowo ndi ake tsikulo.

Kugawa malo odyetsera kumapweteka pamene mvula imagwa mosiyanasiyana, chifukwa ziweto zimafunika kuyenda kutsata msipu ndi madzi, ndipo nsomba simungaziikire malire m'madzi. Yambani ndi kulemba amene ali ndi ufulu ndi pamene malo akuthera, mogwirizana ndi oyandikana nawo. Sankhani lamulo limene munthu wamba angaone ndi maso ngati laphwanyidwa: miyezi yotseka, kukula kwa maso a ukonde, mbali ya dambo yopumitsidwa chaka chino. Kenako kalembetseni malamulowo kwa akuluakulu a boma a dera lanu, chifukwa wakunja wobwera ndi bwato la injini kapena gulu lalikulu la ng'ombe sangamvere komiti imene boma silikuidziwa.